Mikombero ndi Mauta Olingana

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi, pa za kaphunzitsidwe ka masamu m'makalasi apamwamba a sukulu za m'midzi.



Nkhani ya lero iri ya cinthu cimene mwana ali yense wa m'mudzi acidziwa asanayambe sukulu, koma cimene cimsokoneza akakomana naco m'kalasi. Mwanayo wakulira pafupi ndi nkhokwe yozungulira, wadyera m'mbale, waona amace alikupeta ndi licero, ndipo wathamangitsa gudumu lakale la njinga pa mseu ndi kamtengo. Komabe mphunzitsi akalemba pa bolodi mikombero iwiri, wina waukuru ndi wina waung'ono, nadula pa uli wonse gawo limodzi la magawo anai, nafunsa ngati zidutswa ziwirizo ziri zolingana, ana ambiri abvomera msanga kuti inde, pakuti zonse ziwiri ziri ndi madigiri 90. Yankho limeneli liri lolakwa, ndipo kulakwa kwace sikucokera ku ulesi wa ana iai. Kucokera ku mau awiri amene pa mudzi anthu awasakaniza popanda bvuto, koma amene m'masamu ayenera kukhala pa okha-pa okha.

Mau awiriwo ndiwo kufanana ndi kulingana. Zinthu zofanana ziri ndi maonekedwe amodzi, cinkana cina cikhale cacikuru ndi cina cacing'ono, monga mbale ya ndiwo ifanana ndi mbale ya nsima. Zinthu zolingana ndizo zimene, munthu akasanjika cina pamwamba pa cinzace, cibisa cinzaceco cathunthu, osatsala mbali yosuzumira kunja ngakhale pang'ono. Mabuku a Cingerezi acha zoyambazo similar ndi zaciwirizo congruent. Mikombero yonse ya pansi pano iri yofanana, koma si yonse iri yolingana. Phunziro lonse la lero liri m'mau amenewa, ndipo mwana amene wawagwira ndi manja ace sadzawataya.

Maina a Ziwalo za Mkombero

Mphunzitsi wanzeru sayamba phunziro ili pa bolodi, koma pa bwalo la sukulu, potsata macitidwe a mmisiri womanga nyumba yozungulira kapena nkhokwe. Mmisiriyo akhoma cikhomo pansi, namangapo cingwe, namanga kamtengo kosongoka ku nsonga ina ya cingweco. Ndipo atakoka cingwe kuti cilimbe, ayenda mozungulira ndi kulemba pa dothi kufikira atabwerera pamene anayambira. Mzere umene walembawo ndiwo mkombero, dzina lomwelo limene amai achulira mphepete ya licero. Malo onse a pa mzerewo ali pa mtunda umodzi-modzi kucokera pa cikhomo, pakuti cingwe sicinatalike kapena kufupika pa ulendo wonse. Mbuzi yomangidwa pa cikhomo icita comweco ndi mano ace, ndipo pofika madzulo yalemba mkombero m'udzu.

Tsono ziwalo ziri izi. Cikhomo ndico pakati peni-peni pa mkombero, centre pa Cingerezi. Cingwe ndico mtunda wa kucokera pa cikhomo kufika pa mkombero, radius pa Cingerezi. Zingwe ziwiri zoyang'ana kwina ndi kwina pa mzere umodzi zipanga dayamita. Cidutswa ciri conse ca mkombero cichedwa uta, ndipo mzere woongoka wolumikiza nsonga ziwiri za utawo ndiwo nsinga. Maina awiri awa si ongopeka, pakuti liu la Cingerezi lakuti arc licokera ku liu la Cilatini lotanthauza uta wa mibvi, ndi lakuti chord licokera ku liu la Cigriki lotanthauza nsinga ya coimbira. Mwana amene anasemapo uta wolasira mbalame amva maina amenewa tsiku loyamba lomwe. Pambuyo pace aphunzire ndi maina a Cingerezi, cifukwa adzakomana nao m'mabuku ndi m'mayeso.

Ciwalo cotsiriza ndico ngodya ya pa cikhomo. Zingwe ziwiri zikatambasulidwa kucokera pa cikhomo kunka ku nsonga ziwiri za uta, zitsegula ngodya pakati pao, ndipo ngodya imeneyi iyesedwa ndi madigiri. Kuzungulira kwathunthu kuli ndi madigiri 360. Ciwerengero cimeneci cinacokera kwa anthu akale a ku Babylon, amene anali kuwerenga m'magulu a 60, ndipo cakhalitsa cifukwa cigawika bwino ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 10 ndi 12 popanda cotsala. Pano mphunzitsi acenjere: madigiri auza munthu kuti uta uli gawo lotani la mkombero wace, koma sanena kanthu za utali wace.

Mikombero Yolingana

Zaka ngati 300 Kristu asanabadwe, mu mzinda wa Alexandria m'dziko la Egypt munali mphunzitsi dzina lace Euclid, amene anasonkhanitsa nzeru za mizere ndi maonekedwe m'mabuku 13 ochedwa Elements. Buku lacitatu liri la mikombero, ndipo cinthu coyamba cimene iye anakhazikitsa m'menemo ndico cakuti kulingana kwa mikombero kuyesedwa ndi zingwe zace, kapena ndi madayamita ace. Zaka zoposa 2,000 zapita, koma palibe amene wapeza coonjezapo. Zingwe zikalingana, mikombero yalingana. Zingwe zikasiyana, mikombero yasiyana.

Ana asauzidwe cabe zimenezi, koma azione. Sukulu yosowa makampasi isadandaule, pakuti kacidutswa ka katoni kobooledwa pawiri kakwanira: munga ulowe pa bowo limodzi, nsonga ya pensulo pa linzace, ndipo mtunda wa pakati pa mabowowo ndiwo cingwe. Ana onse aboole mabowo otalikirana masentimita 7, alembe mikombero pa mapepala akale, aidule, ndi kuiunjika pamodzi pa tebulo la mphunzitsi. Mulu wonse udzaima cimodzi-modzi monga ndalama zosanjikizana. Pamenepo mphunzitsi alowetse pakati pa muluwo mkombero umodzi wa masentimita 8, ndipo mwana wa pa benci la kumbuyo adzauona ulikusuzumira.

Pali cinthu cimene ana ayenera kucizindikira pamenepa. Munthu wofuna kuuza kalipentala za citseko achula miyeso iwiri, m'litali ndi m'lifupi. Wofuna kulemba cinthu ca ngodya zitatu colingana ndi cinzace asowa miyeso itatu. Koma mkombero ufuna muyeso umodzi wokha. Cifukwa cace mai wofuna cibvundikiro ca poto wace sanyamula potoyo kunka naye ku sitolo. Athyola bango lolingana ndi kukamwa kwa poto, napatsa mwana kuti akayese nalo. Comweconso magudumu a njinga zazikuru zija zonyamula makala ndi matumba a cimanga achulidwa ndi muyeso umodzi, mainci 28, ndipo gudumu la muyeso umenewo likazungulira kamodzi liyenda ngati mainci 88, kaya liri kutsogolo kaya kumbuyo, kaya liri ku Chipata kaya ku Petauke. Malo amene mkombero uli sasintha kanthu.

Mauta Olingana

Pa mauta mlandu uli wobvuta koposa, pakuti ufuna mboni ziwiri. Mboni yoyamba ndiyo yakuti mauta awiriwo acokera pa mkombero umodzi, kapena pa mikombero yolingana. Mboni yaciwiri ndiyo yakuti ngodya zao za pa cikhomo ziri zolingana. Mboni ziwirizi zikabvomerezana, mauta ali olingana, ndipo wina udzagona pa unzace kucokera ku nsonga kufika ku nsonga. Mboni imodzi ikasowa, mlandu sunathe. Ana agwa m'mbuna ziwiri pamenepa, ndipo mphunzitsi acita bwino kuwatsogolera dala kukamwa kwa mbunazo kuti azione masana.

Mbuna yoyamba ndiyo ija yachulidwa poyamba, ya madigiri olingana pa mikombero yosiyana. Mkombero wa cingwe ca masentimita 7 uli ndi utali wa masentimita 44, pakuti 2 kucurukitsa ndi 22/7 kucurukitsa ndi 7 zipatsa 44. Uta wace wa madigiri 90 uli gawo limodzi la magawo anai, ndiwo masentimita 11. Mkombero wa cingwe ca masentimita 14 uli ndi utali wa masentimita 88, ndipo uta wace wa madigiri 90 uli masentimita 22. Madigiri ali amodzi-modzi, koma uta wina uposa unzace kawiri. Woci ya pa khoma ionetsa comweco: dzanja lalitali likacoka pa 12 kufika pa 3, nsonga yace yayenda ulendo wautali, ndipo pakati pa dzanjalo payenda theka la ulendowo, cinkana zonse zatembenuka madigiri 90 m'mphindi 15 zomwezo. Mauta otere ali ofanana, si olingana.

Mbuna yaciwiri iri yobisika koposa, ndipo ikola ana ocenjera amene apulumuka yoyamba ija. Iwo anena kuti, ngati madigiri sakwanira, utali ndiwo udzaweruza. Tsono mphunzitsi abwerere ku mikombero iwiri yomweyo. Pa waukuru uja adule uta wa madigiri 45, gawo limodzi la magawo 8 a masentimita 88, ndiwo masentimita 11. Pa waung'ono uja uta wa madigiri 90 ulinso masentimita 11. Kaulusi kamodzi ka masentimita 11 kagona bwino pa mauta onse awiri, ndipo ana adzapfuula kuti alingana. Koma mautawo akadulidwa ndi kusanjikidwa, akana kugonana: wa mkombero waung'ono uli wokhota kwambiri, wa mkombero waukuru uli wotambasuka. Akayesa nsinga zao ndi rula adzapeza kuti ya woyamba iri pafupi-fupi masentimita 9.9, ndi ya waciwiri pafupi-fupi masentimita 10.7. Ngakhale awatembenuze cotani, mautawo sangakhudzane pa malo oposa awiri, pakuti mikombero iwiri yosiyana sikomana koposa kawiri. Utali wokha uli mboni imodzi, monga madigiri okha ali mboni imodzi.

Nchito ya Nsinga

Kuyesa cinthu cokhota kuli kobvuta, ndipo masukulu ambiri alibe coyesera madigiri cokwanira ana onse. Apa nsinga ithandiza, pakuti iri yoongoka, ndipo rula, bango kapena udzu zikhoza kuiyesa. Euclid anatsimikiza m'buku lacitatu lija, pa mfundo za 26, 27, 28 ndi 29, kuti pa mikombero yolingana ngodya, uta ndi nsinga ziyendera pamodzi. Ngodya zikalingana, mauta alingana. Mauta akalingana, ngodya ndi nsinga zomwe zalingana. Nsinga zikalingana, mauta amene zidula alingananso. Munthu akadziwa cimodzi ca zitatuzi wadziwa zonse.

Cifukwa cace siciri cakuya kopambana nzeru za mwana wa m'kalasi lapamwamba. Zingwe ziwiri ndi nsinga zipanga cinthu ca ngodya zitatu. Pa mikombero yolingana zingwe zonse ziri zolingana kale. Tsono nsinga zikalingananso, mbali zitatu za cina zalingana ndi mbali zitatu za cinzace. Mwana ali yense amene wamangapo timitengo titatu nsonga ndi nsonga adziwa kuti sitigwedezeka, ndipo tipanga maonekedwe amodzi okha. Cotero ngodya ya pa cikhomo iyenera kukhala yomweyo, ndi uta womwe. Wofuna kusamutsa uta kucokera pa malo ena a mkombero kunka pa ena angoyesa nsinga yace ndi udzu, naika udzuwo pa malo atsopano, nsonga zonse ziwiri zitakhudza mkombero.

Pali macenjezo awiri. Loyamba ndi lakuti nsinga iri yonse idula mkombero pawiri, nisiya uta waung'ono mbali yina ndi uta waukuru mbali yinzace. Polinganiza, waung'ono uyesedwe ndi waung'ono, waukuru ndi waukuru. Laciwiri ndi lakuti nsinga sikula mofanana ndi uta. Pa mkombero wa cingwe ca masentimita 7, uta wa madigiri 60 uli ndi nsinga ya masentimita 7. Uta wa madigiri 120 uposa woyambawo kawiri, koma nsinga yace iri ngati masentimita 12 cabe, si 14 iai. Nsinga ifika pa masentimita 14 pamene uta wafika madigiri 180, ndiko kuposa woyamba uja katatu. Nsinga iuza munthu ngati mauta ali olingana. Siimuuza kuti wina uposa unzace kangati.

Mapazi Asanu ndi Limodzi

Pali ciyeso cimodzi cimene cikondweretsa ana koposa zonse, ndipo ciri ndi phindu pa mudzi. Atalemba mkombero pa bwalo, mwana amasule cingwe pa cikhomo, aike nsonga yace pa mkombero, ndi kulemba cizindikiro pamene nsonga yina yakhudza mkomberowo. Kucokera pa cizindikiro cimeneco ayesenso, ndi kupitirira comweco. Pa phazi la 6 adzafika pamene anayambira, osapyola kapena kuperewera. Cifukwa cace ndi ici: nsinga iri yonse iri yolingana ndi cingwe, cotero zingwe ziwiri ndi nsinga zipanga cinthu ca mbali zitatu zolingana, cimene ngodya yace iri yonse iri madigiri 60, ndipo 60 kucurukitsa ndi 6 zipatsa 360. Nsinga 6 zolingana zadula mauta 6 olingana. Euclid analemba njira imeneyi m'buku lace lacinai.

Ngati phazi lotsiriza lapyola kapena laperewera, masamu sananame. Cingwe ndico cinatamuka, kapena mfundo inapsyatuka. Luzi lonyowa litalika pokoka, cotero khonje louma kapena waya ali bwino koposa. Mmisiri wofuna kuzika nsici 12 zotalikirana cimodzi-modzi ayamba ndi zizindikiro 6 zimenezi. Pamenepo apinda cingwe pawiri kuti apeze pakati pa nsinga iri yonse, nakoka mzere kucokera pa cikhomo kupyola pakatipo kufika pa mkombero, ndipo uta uli wonse wagawika pawiri molingana. Denga lokhala pa nsici zotere ligawa kulemera kwace mofanana.

Ciyeso comweci cionetsa kanthu kena. Nsinga 6 zija pamodzi ziri zingwe 6, ndiwo madayamita 3. Ndipo popeza uta uli wonse uposa nsinga yace, mkombero uyenera kuposa madayamita 3 pang'ono. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira m'caka ca 212 Kristu asanabadwe, anayamba ndi mbali 6 zimenezi, nazicurukitsa kukhala 12, 24, 48 ndi 96, napeza kuti mkombero uposa dayamita yace koposa 3 10/71 koma kosafika 3 1/7. Ciwerengero ca 22/7 cimene ana agwiritsa nchito ndico malire apamwamba a Archimedes. Ciri capafupi kwambiri, ndipo cikwanira pa nchito zonse za m'sukulu.

Pa Bwalo la Masewera

Mphunzitsi wa ku mudzi ndiye kawiri-kawiri alemba bwalo la mpira ndi phulusa kapena laimu, ndipo pamenepo phunziro lonseli ligona poyera. Mkombero wa pakati uli ndi cingwe ca mamita 9.15. Uta uja wa kunja kwa bokosi, umene unalowa m'malamulo a mpira m'caka ca 1937, ulembedwa ndi cingwe comweco ca mamita 9.15, cikhomo cace ciri pa malo omenyera penate. Nchito yace ndiyo kuimitsa osewera ena pa mtunda woyenera pamene penate ilikumenyedwa. Cotero uta umenewu uli cidutswa ca mkombero wolingana ndi wa pakati uja. Malo a penate ali mamita 11 kucokera pa mzere wa golo, ndi mzere wa bokosi uli mamita 16.5, mbali zonse ziwiri za bwalo; cifukwa cace mauta awiriwo ali ndi cingwe cimodzi ndi ngodya imodzi, ngati madigiri 106, ndipo ali olingana kweni-kweni. Timauta tinai ta pa makona tiri ndi cingwe ca mita imodzi ndi madigiri 90, ndipo tiri tolingana tokha-tokha.

Pa mpikisano wa liwiro nkhaniyi isanduka ya cilungamo. Bwalo la mamita 400 likhoza kulembedwa ndi mizere iwiri yoongoka ya mamita 90 uli wonse, ndi mauta awiri a madigiri 180 a cingwe ca mamita 35, uli wonse mamita 110. Imeneyo ndiyo njira ya m'kati. Njira yaciwiri ikakhala mita imodzi kunja kwace, cingwe cace ciri mamita 36, ndipo uta wace uli mamita 113 1/7. Wothamanga m'menemo aonjeza mamita 3 1/7 pokhota pali ponse, ndi mamita 6 2/7 pa kuzungulira kwathunthu. Wa m'njira ya 6 aonjeza mamita 31 3/7. Onse atembenuka madigiri amodzi-modzi, koma mauta ao sali olingana. Ana akaimikidwa pa mzere umodzi, nauzidwa kuti ali yense asacoke m'njira yace, wa kunja walandidwa mphotho mluzu usanalire, ndipo apita kwao poganiza kuti miyendo yace iri yofoka. Cifukwa cace poyambira payenera kusunthidwa kutsogolo mamita 6 2/7 pa njira iri yonse yotsatira. Ciwerengero cimeneci sicisintha kaamba ka kukula kwa bwalo. Citsata kufutukuka kwa njira kokha.

Pa Dziko Lapansi

Phunziro la maiko lidzapindulanso. Mphunzitsi akadula lalanje mopingasa m'zidutswa, ana aona kuti cidutswa ca pakati ciri ndi mkombero waukuru, ndi zidutswa za kumapeto ziri ndi mikombero yaing'ono. Mizere yopingasa ya pa mapu a dziko iri yotero. Equator ndiwo mkombero waukuru koposa, wa makilomita ngati 40,075, ndipo digiri imodzi pa mzere umenewo iri ngati makilomita 111. Chipata ali pafupi madigiri 14 kumwera kwa Equator, ndipo kumeneko digiri imodzi ya kum'mawa kapena kumadzulo iri ngati makilomita 108. Ku London, madigiri oposa 51 kumpoto, digiri imodzi yotero iri ngati makilomita 69 cabe. Iyi ndiyo mbuna yoyamba ija, itakula kufikira muyeso wa dziko. Koma Tropic of Cancer ndi Tropic of Capricorn, popeza yonse iri ngati madigiri 23½ kucokera pa Equator, wina kumpoto wina kumwera, iri mikombero yolingana.

Kakonzedwe ka Maphunziro

Zonsezi zikhoza kulowa m'maphunziro anai. Loyamba licitikire pa bwalo, ndi zikhomo ndi zingwe, kuti ana adziwe maina a ziwalo ndi kuyenda mapazi 6 aja. Laciwiri likhale la kudula ndi kusanjika mikombero ya mapepala. Lacitatu likhale la mbuna ziwiri, ndi mikombero ya masentimita 7 ndi 14. Lacinai likhale la nsinga, ndi kulemba bwalo la masewera. Malamulo alembedwe m'makope pa mapeto a phunziro liri lonse, pamene ana aona kale cimene malamulowo anena. Asungwana apatsidwe cingwe ndi cikhomo monga anyamata, asangoima pambali ndi kupenyerera.

Poyesa ngati ana amva, mafunso awa athandiza koposa kuwauza kuti abwereze mau a pamtima:

1. Mbuzi ziwiri zamangidwa ndi zingwe za mamita 3, ina kuseri kwa sukulu, ina ku dambo. Kodi mikombero imene zidzadya iri yolingana?

2. Uta wa madigiri 60 pa cingwe ca masentimita 10, ndi uta wa madigiri 60 pa cingwe ca masentimita 12: kodi ali ofanana, kapena olingana?

3. Mauta awiri ali ndi masentimita 11 uli wonse. Kodi pafunika kudziwanso ciani munthu asananene kuti ali olingana?

4. Pa mkombero umodzi pali nsinga ziwiri zolingana. Nanga mauta ao ali otani?

5. Uta ukakula kawiri, kodi nsinga yace ikulanso kawiri?

Mwana akayankha, mphunzitsi asakhutire ndi inde kapena iai, koma afunse cifukwa cace. Ndipo mwana akasowa mau, apatsidwe lumo ndi pepala kuti aonetse ndi manja. Amene wasanjika mauta awiri, naona kuti akana kugonana, wapeza umboni umene palibe munthu angamlande.

Akuru akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera kufunsa mboni ziwiri asanaweruze za mauta adzalowa m'masamu a ku sekondale ali ndi maziko olimba, ndipo amene adzatsala pa mudzi adzadziwa kuzika nsici, kuyesa gudumu ndi kulemba bwalo mosanyenga mnzace. Aphunzitsi apemphedwa kuyesa maphunziro anaiwa m'cigawo cikudzaci, kulemba mayankho a ana pa mafunso asanu aja asanaphunzire ndi ataphunzira, ndi kubwera nao ku msonkhano wotsatira, kuti onse adzaone pamodzi pamene njirayi yathandiza ndi pamene ifuna kukonzedwa.